Dzina Lomwe Linasowa mu Disiki

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi malume. Anamva kuti ofesi ina ya zaulimi pa boma la Salima yalandira kompyuta ndipo ikufuna mtsikana wodziwa kutaipa. Ndinapita ndi setifiketi komanso khadi la chipani, n'kulembedwa tsiku lomwelo.

Wondiphunzitsa anali a Chikuse, bambo osowa nsangala. Zonse tinkasunga m'madisiki aakulu opyapyala aja. Disiki iliyonse imakhala ndi mndandanda wa mafayilo ake ndi pomwe fayilo iliyonse yakhala. Kompyuta ikawerenga mndandandawo imausunga m'mutu, kuti isamabwerere ku disiki nthawi zonse. Koma yathuyi ukasintha disiki sinkazindikira.

"Mukasintha disiki, dinani Control ndi C kuti iwerengenso," ankatero a Chikuse. "Apo ayi, izingoganizabe za yakale ija."

Ine ndinkangoti nkhalamba zimakonda kuopseza. Zala zanga zinali zothamanga, ndipo ndinkadzimva.

Tsiku lina kunabwera mayi Nasiwelo ochokera ku Lifuwu. Amuna awo anali atamwalira, ndipo komiti ya alimi inagwirizana kuti munda wa mpunga ukhale wawo, ngakhale alamu awo ankaulimbirana. Ndinafufuta dzina la malemu mu disiki ya alimi n'kulemba lawo, iwo akuona.

"Pitani mukalime, amayi," ndinatero.

Masana ake ndinataipa kalata yofulumira pa disiki ya makalata. Kenako ndinabwezeramo ya alimi, osadina mabatani awiri aja, n'kusunga. Kompyuta inalemba mndandanda wa makalata pamwamba pa wa alimi. Nditayang'ana, fayilo ya alimi munalibe.

A Chikuse sanakalipe. Anangondiunjikira patebulo mapepala akale a mayina a alimi. "Mayina akufunika kumunda Lachisanu."

Ndinataipa masiku atatu, dzina lililonse monga linalili papepala, ndipo ndinasangalala kuti ntchito yanga yapulumuka. Za mayi aja sindinakumbuke n'komwe. Dzina lawo linali mu disiki mokha.

Patapita miyezi iwiri ndinawapeza pamsika akugulitsa nkhuni.

"Munda anatenga alamu, mwananga. Akuti papepala pali dzina la achimwene awo."

Sanadziwe kuti ndi ine, ndipo sindinawauze. Manyazi ake ndili nawo mpaka lero. Zinthu zikatayika pa ntchito, uyambe wadzifunsa kuti munali ndani m'menemo. Ine ndinangodzifunsa ngati andichotsa.