Webusayiti ya Alimi a Manachesi

A Nickson Jailosi anabadwira kwa Kanduku, ndipo sukulu analekezera Fomu 2. Anafika pa Mwanza boma m'chaka cha 1998 ali ndi maburashi atatu ndi chitini cha penti wofiira. Kwa zaka zambiri, chikwangwani chilichonse chooneka bwino pamsika paja chinali cha dzanja lawo: magolosale, masaluni, zigayo, ngakhale mayina a kumbuyo kwa maminibasi a ku Blantyre. Mashopu a kufupi ndi boda ankawalembera ndi Chipwitikizi chomwe, chimene anatola kwa malume awo a ku Zobue.

Kenaka kunabwera zikwangwani zosindikiza pa makina. Munthu ankangotumiza mawu pafoni, mawa lake chinsalu chonyezimira chafika pa minibasi. Ntchito ya a Jailosi inatsala ya pa ziliza ndi makoma a sukulu. M'mawa uliwonse ankatsegulabe kashopu kawo n'kuvala ovololo, kuti anthu odutsa aziona ngati pali chochita.

M'mwezi wa Epulo 2021 kunabwera mayi Rozina, wapampando wa kalabu ya alimi a manachesi ya kwa Nthache, kudzakonzetsa chikwangwani chawo chakale. Akudikira, anadandaula kuti ogula akuluakulu a m'tauni amangofunsa chinthu chimodzi.

"Akuti, muli ndi webusayiti? Ife tingaidziwire kuti?"

"Zimenezo ndiye timapanga," anatero a Jailosi.

Mawuwo anangotuluka okha. Anayembekeza kuti mayiwo aseka, koma iwo anaomba m'manja n'kunena kuti kalabu ikumana pakatha milungu itatu, adzabwere nayo.

Chimene a Jailosi anali nacho chinali laputopu yakale imene anagula kwa dalaivala wa thiraki, yomwe ankaonerapo mafilimu. Anagula bandulo n'kuyamba kufufuza, koma sankadziwa n'komwe mawu oti alembe. Mavidiyo amene anapeza anali a anthu olankhula Chingerezi chothamanga, ndipo akamati abwereze kuti amvetse, bandulo yatha. Pa shopu yosindikiza mapepala, pafupi pomwepo, panali anthu odziwa makompyuta. Anapitako kawiri, ulendo uliwonse n'kubwerako atangogula envulopu. Bambo wa zaka 46, amene tauni yonse inkamutcha katswiri, akayambe bwanji kufunsa kuti HTML n'chiyani?

Kutatsala masiku asanu, anapeza webusayiti ya alimi a malalanje a dziko lina. Inali yokongola zedi. Anatulukira kuti tsamba lotere ukhoza kulisunga mu laputopu n'kusintha mawu ake. Anafufuta dzina la eni ake n'kulembapo la kalabu ya kwa Nthache. Zithunzi zinawakanika kuchotsa, ndiye anazisiya.

Tsiku la msonkhano anapalasa njinga mpaka kutchalitchi kumene kalabuyo inkakumana. Munali alimi oposa makumi awiri, komanso mayi Ursula, mlangizi wa zaulimi amene anachokera ku Rumphi. Laputopu anaiika pa tebulo, anthu n'kuunjikana. Poyamba kunali kung'ung'udza kwa kusirira. Kenaka a Petro, mlimi wachikulire, analoza chithunzi ndi chala.

"Mzungu ali pa thirakitalayu ndi wa mudzi uti?"

Anthu anafa nalo phwete. Wina anati zipatsozo si manachesi, wina anafunsa ngati kalabu yagula thirakitala iwo osadziwa. Mayi Ursula anadina pamene panalembedwa kuti anthu aimbe foni, ndipo panatuluka nambala ya kunja ndi dzina la eni ake enieni. Anabweza msanga tsambalo, koma amene anali pafupi anali ataona kale.

Mayi Rozina okha sanaseke. Anawaperekeza a Jailosi mpaka panja pamene panali njinga.

"A Jailosi, mukanangonena kuti simudziwa. Ine ndinauza anthu onsewa kuti ndapeza munthu wathu."

A Jailosi ananyamuka. Njinga ija sanaikwere, anangoikankha mtunda wonse wa kanjira ka kumunda. Kunyumba anauza akazi awo kuti zayenda bwino. Sabata yonse sanadutse pamsika, poopa kukumana ndi alimi amene amabwera ndi madengu a manachesi. Chakudya ankangochitola pang'ono. Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi akazi awo anawauza kuti nkhaniyo anaimva kale kuchigayo, ndipo chimene chinkawapweteka n'chakuti amuna awo anawanamiza iwonso.

Lolemba lotsatira a Jailosi anapita ku ofesi ya mayi Ursula. Anaima pakhonde nthawi yaitali, akuwerenga zidziwitso za katemera wa mbuzi zimene sizinkawakhudza, mpaka mayiwo anawaona pawindo.

"Lowani, bambo. Mwabwera kudzandikalipira?"

"Ayi. Ndabwera kuti mundiuze poyambira. Sindidziwa chilichonse."

Mayi Ursula ananena kuti iwonso si katswiri, anangolawako pang'ono ku koleji. Komabe anatenga pepala n'kulemba mayina a masamba awiri a pa intaneti ophunzitsa mwaulere, a maphunziro olembedwa, oti munthu aziwerenga pang'onopang'ono osatha bandulo. Anawaonetsa posinthira vidiyo kuti wolankhulayo azilankhula modekha, ndi mmene angaisungire mu foni kuti aziionera kangapo. Pomaliza anawalowetsa m'gulu la pa WhatsApp la Amalawi ophunzira ntchito yomweyi.

"Nanga kuona za anzathu ndisiyiretu?" anafunsa a Jailosi, maso ali pansi.

"Muziona, kwambiri. Koma muzikhala ndi kope. Tsamba likakusangalatsani, lembani chimene chakusangalatsanicho, kenaka mulitseke. Mukamapanga lanu, muziona m'kope."

A Jailosi anagula kope la ana asukulu. Masamba oyamba anadzaza ndi mawu a Chingerezi ndi matanthauzo ake. Patapita milungu, anayamba kulemba zina: mitundu isapitirire itatu, dzina lioneke munthu asanatsike pansi, mawu asapanikizane. Ataziwerenga anadabwa, chifukwa zinali zomwezo zimene ankachita pa khoma la golosale. Anayamba kuyenda ndi foni, kujambula nsalu za amayi pamsika ndi milu ya manachesi m'mbali mwa msewu, kufuna kuona kuti chikasu chimagwirizana ndi mtundu uti. Tsiku limene analemba okha mizere isanu ndi umodzi ya HTML, chilankhulo chopangira masamba a pa intaneti, dzina lawo n'kuoneka pa laputopu m'zilembo zobiriwira, anatseka chitseko cha shopu kuti wina asawaone akumwetulira ndi kanthu kakang'ono chotero.

Zinawatengera miyezi inayi. Zithunzi anakajambula okha m'minda ya kwa Nthache, ndipo kulikonse ankayamba ndi kupepesa. Alimi ena anawalandira, ena ankangofunsana kuti abweranso ndi bodza lanji. Tsamba limene linatuluka linali limodzi lokha, losanyada: dzina la kalabu, zithunzi zisanu, miyezi yokolola ndi nambala ya foni.

Sanadikire msonkhano. Anakawapeza mayi Rozina kudimba kwawo n'kuwapatsa foni. Mayiwo anapukuta manja pachitenje, anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati:

"Dengu ili ndi langa. Koma mwaiwala kulemba kuti timagulitsanso mbande."

"Ndikawonjezera lero."

"Chabwino. Kumsonkhano mudzabwere, mudzaonetse nokha."

A Jailosi anapita, ndipo analankhula ataima kumbuyo kwa tebulo. Nyengo ya manachesi inali itatha, choncho foni yoyamba ya wogula inabwera chaka chotsatira, kuchokera kwa mayi wina wa ku Limbe wofuna madengu makumi atatu.

Lero a Jailosi akupanga tsamba lachiwiri, la nyumba ina yogona alendo pa boda. Pa laputopu likuoneka bwino, koma pa foni zithunzi zikuthawira kumbali. M'gulu la pa WhatsApp lija anakhala chaka chathunthu akungowerenga za anzawo. Sabata yatha analemba funso lawo loyamba, analifufuta kawiri poona kuti Chingerezi chake n'chokhota, kenaka analilemba m'Chichewa n'kutumiza. Anthu atatu anayankha, ndipo mmodzi anapempha kuti aone tsambalo likatha.