Ndowa ya Bambo Pamjigo

Ndikukumbukira Lachinayi lija, pa 8 Febuluwale, chifukwa ndinalilemba m'kope langa la chikuto chobiriwira, momwe ndinkasungamo zonse zimene pakamwa panga pankakanika kunena. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, mu Sitandade 8. M'mawa umenewo ndinali nditabisala kuseri kwa chigafa cha fodya, yunifolomu ili m'jumbo, kudikira kuti anzanga a sukulu adutse. Linali tsiku lachinayi ndikujomba, ndipo makolo anga sankadziwa.

Mayi ankadwala khansa ya m'bere. Pakatha masabata atatu aliwonse, bambo ankawaperekeza ku Lilongwe kukalandira kemo, mankhwala olowa m'thupi kudzera m'diripi. Akabwerako ankagona masiku angapo. Fungo la utsi, la anyezi, ngakhale la sopo linkawasanzitsa. Tsitsi linayamba kutsalira pa pilo, ndipo duku sankalivulanso pamaso pa munthu.

Pakhomo mwana ndinali ndekha. Azakhali atabwera kuchokera kwa Dzoole kudzazonda matenda, ananena kuti ndiyambe ndaima sukulu chaka chimenecho, chifukwa madzi ndi moto ndi ntchito ya mwana wamkazi. Bambo anakana. Anati mayeso anga atsala miyezi itatu yokha, ndipo madzi sasankha mutu wowasenza. Mawa lake anatenga ndowa n'kupita kumjigo.

Bambo ndi mkamwini m'mudzi mwathu, kufupi ndi Kasakula, choncho maso a anthu anali pa iwo kale. Kusenza sankakudziwa. Nkhata yawo inkamasuka panjira, madzi n'kumawakhuthukira kumsana, ndipo ankafika ndi theka la ndowa, malaya ali chonyowa. Azimayi pamjigo ankaseka atagwira pakamwa. Azibambo a pabawo ankati Nambewe, mayi angawo, anawadyetsa khuzumule, mankhwala opusitsa mwamuna. Kusukulu mtsikana wina anandifunsa pagulu kuti, "Kodi kwanu amayi alipo awiri?" Funsolo ndinakalilemba m'kope, inki n'kufalikira ndi misozi.

Pamenepo ndinaganiza zowachotsera manyazi. Bambo ankalawirira kumunda kukathyola fodya, kumjigo n'kumapita akaweruka. Ine ndinkatsanzika ngati ndikupita kusukulu, n'kubisala, kenako n'kudzaza mgolo wonse mwakachetechete mayi ali gone m'nyumba. Bambo akabwera ankapeza madzi tho. Ankaganiza kuti ndi a Nachisale, oyandikana nafe nyumba, mpaka Lachitatu madzulo anawatengera phava la nthochi kukathokoza. A Nachisale nthochizo analandira, koma chilungamo ananena.

N'chifukwa chake Lachinayi lija, nditasuzumira kuti ndione ngati njira yayera, ndinaona mapazi a bambo. Sanakalipe. Anakhala pansi pambali panga, manja awo ali bii ndi phula la fodya, n'kundifunsa chifukwa chake. Ndinangotulutsa kope lija n'kuwapatsa. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere, ndipo atafika pa funso la mtsikana uja anaima nthawi yaitali. Atatseka anati tiye kwa mayi ako.

Mayi anamva nkhani yonse atatsamira khoma. Kenako anachita chimene anali asanachitepo. Anamasula duku. Mutu wawo unali wosalala, waung'ono kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo ndinafuna kuyang'ana kumbali.

"Usathawitse maso, Tadala," anatero. "Ndikamapita ku Lilongwe ndimadziwa kuti ndikasanza, komabe ndimapereka mkono. Diripi ikamadontha ndimatseka maso n'kumakuona uli pa desiki ukulemba. Ndiye masiku onsewa pa desikipo panalibe munthu?"

Ndinayamba kulira. Ndinanong'ona kuti anthu akuwaseka bambo.

Bambo anakanda kumutu. "Akanenanso za khuzumule, uziwauza kuti ndinadya mbale ziwiri ndipo ndikufuna yachitatu."

Mayi anaseka mpaka kutsokomola, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chiyambire matendawo. Anawauza bambo kuti mwamuna wodyetsedwa bwino sataya theka la madzi panjira. Bambo anavomera kuti pamenepo pokha alephera, ndipo anandipempha kuti ndiwaphunzitse kupota nkhata, chifukwa paliwombo pawo panali patatupa.

Masana amenewo tinakhala pakhonde ndi chitenje chakale cha mayi. Ndinawaonetsa kupota molimba, kuzunguliza, n'kubisa nsonga mkati. Zala zimene zinkasoka fodya mwaluso zinalephera katatu. Kachinayi nkhata inagwira.

Lero ndili Fomu 3. Mayi amapitabe kuchipatala kukapimidwa, ndipo tsitsi lawo linamera lofewa, la imvi. Sindidziwa za mawa, madokotala nawonso salonjeza. Koma ndinazindikira kuti pa nthawi ija aliyense pakhomo pathu anali ndi katundu wake: mayi diripi, bambo ndowa, ine sukulu. Ndinkayesa kuti ndikuwapeputsira bambo, chonsecho ndinatula katundu amene onse awiri ankavutikira kuti ndisatule. Manyazi amene ndinkafuna kuwachotsera sanali awo. Anali anga.

Tsamba la tsiku limenelo lili ndi chidindo chakuda cha chala cha bambo pakona. Pansi pake, dzuwa lisanalowe, ndinalemba kuti: "Mawa, bambo asanapite kumunda, ndivala yunifolomu, ndiyenda pambali pa bambo mpaka pamjigo anthu onse akuona, ndiwasenzetsa ndowa ndi manja anga. Ndikatero ndithamangira kusukulu belu lisanalire."