Batani Limene Firdaus Sanadine

Firdaus anabadwira m'komboni ya George, m'nyumba ya bambo ake, ba Ridwan, telala wosoka makanzu amene makolo awo anachokera ku Mangochi kalekale. Sekondale anamaliza bwino, koma za koleji sizinatheke. Bambo ake anamupatsa ngodya ya shopu, kuseri kwa makina osokera, ndipo pamenepo ankakonza mafoni: kusintha magalasi osweka, kuyeretsa pobayira chaja, kupumitsa mafoni odzaza. Kulemba mapulogalamu anadziphunzitsa yekha pa laputopu yakale ya batire lotopa.

Pulogalamu yake yoyamba yeniyeni anailembera azimayi a kumzikiti ogwira ntchito kumayadi. Iwo amanyamuka m'bandakucha pa minibasi, kuweruka kutada. Kuseri kwa mipanda yaitali ya abwana azana woitanira anthu ku pemphero samveka, ndipo chaka chimenecho Ramadhani inagwa m'nyengo ya mvula, pamene dzuwa limalowa munthu osaliona. Firdaus anafuna kuti foni izilira yokha nthawi yofutulu, yomasula kusala, ngakhale popanda bando ya intaneti.

Vuto linali kulemera. Pulogalamu siyenda yokha. Imanyamula chimtolo cha tizigawo tokonzeratu, totchedwa makalasi, topangidwira mapulogalamu amtundu uliwonse: a kubanki, a masewera, a nyimbo. Zili ngati kugula belo lonse la salaula, zovala zakaunjika, pamene ukufuna masiketi okha. Mtolowo unkapitirira mamegabaiti makumi asanu ndi limodzi, ndipo mafoni a azimayiwo, odzaza kale ndi zithunzi za zikwati, ankaukana.

Firdaus anapeza chida chochepetsera. Umayatsa chidacho, n'kuyamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yako, icho chikuyang'ana kalasi iliyonse imene yakhudzidwa. Ukamaliza chimasunga zokhudzidwazo, zina zonse n'kutaya. Anadina paliponse, anatsegula tsamba ndi tsamba, ndipo mtolo unatsika kufika pa mamegabaiti asanu ndi anayi. Unalowa ngakhale mu kafoni ka azakhali ake, ba Jasmin, amene amaphikira banja lina kumayadi a ku Kabulonga.

Lachisanu lina itatha swala, pemphero la pamodzi, ba Ridwan anaimirira mumzikiti n'kuuza amuna kuti akauze akazi awo za pulogalamuyo. Shehe anawafunsa pamaso pa onse ngati akumuchitira umboni mwanayo, poti kufutulu nthawi isanakwane kumaononga tsiku lonse la munthu.

"Akalakwa iye, ndalakwa ine," anayankha ba Ridwan.

Tsiku loyamba la Ramadhani kunacha kwa mitambo, magetsi atapita kuyambira m'mawa. Chakumadzulo foni ya Firdaus inalira. Anali ba Jasmin, akunong'ona.

"Iwe Firdaus, chinthu chako chafa. Nadina paja pa mwezi, foni yabwelela chabe pa chithunzi cha mwana wanga. Kuno ni mitambo yekayeka. Nizaziba bwanji?"

"Yesaninso, ba anti."

"Nayesa mpaka chala chawawa."

Asanadule, mauthenga anali atayamba kugwa pa gulu la azimayi la pa foni. Onse ankanena chimodzimodzi. Firdaus anatsegula pulogalamu pa foni yake, ndipo inayenda bwinobwino. Pomwepo anakumbukira kuti iye ali ndi yolemera ija, yosachepetsa.

Patsamba loyamba anaikapo batani lobiriwira lolembedwa kuti Mwezi Waoneka. Ramadhani siyamba ndi kalendala ya pakhoma, imayamba mwezi ukaoneka ndipo akuluakulu alengeza, choncho aliyense ankayenera kudina batanilo akamva uthenga. Tsiku loyesa lija mwezi unali usanaoneke. Kwawo mawu amenewo sanenedwa mwamasewera. Ali mwana anakalipidwapo chifukwa chowafuula posewera ndi anzake. Chala chake chinalidumpha batanilo iye osaganiza n'komwe. Chida chinaona kuti makalasi owerengera kulowa kwa dzuwa m'mwezi wosala sanakhudzidwe, ndipo chinawataya onse.

Towela, wogulitsa vitumbuwa pakhomo loyandikana, anasuzumira.

"Mami, nkhope yako ili monga wameza ndimu. Ni njala yayamba kale?"

"Towela, osanikambisa," anatero Firdaus, komabe anamufotokozera mwachidule zimene zachitika.

"Batumile chabe ija ili mu foni yako, isebenza."

"Siingangene. Ni ikulu maningi."

Ba Ridwan anali ataimitsa makina. Anangoyang'ana kumwamba kudzera pakhomo, n'kuyang'ananso mwana wawo.

Kulemba ola pa gulu akanatha, koma ambiri mwa azimayiwo mafoni amawasiya m'thumba la epuloni, abwana salola kuwagwiragwira pophika. Chimene ankadalira chinali kulira kuja. Firdaus anatsegula laputopu. Batire linali litafiira kale. Anachepetsa kuwala mpaka zilembo zinkaoneka movutikira, anayatsa chida, n'kuyamba ulendo wonse kachiwiri, tsamba ndi tsamba, pakuti akadumpha limodzi nalonso likatayidwa. Pakamwa panali pouma. Anafika pa batani lobiriwira, analidina, n'kudikira mpaka kulira koyesera kunamveka. Kenako chida chinayamba kumanga mtolo watsopano, kamzere kake kakukwawa ngati minibasi ya pa msewu wa Lumumba nthawi yoweruka.

Mvula inayamba kuwaza pamalata. Panja azimayi ankathamanga ndi zigubu kuchokera pa kiyosiki ya madzi, ndipo fungo la anyezi wokazinga linkalowa m'shopu. Laputopu inachenjeza kuti izima. Firdaus anabaya waya wa foni, ndipo mtolo utangotha anaukokera mu foniyo. Galasi la laputopu linada pomwepo.

Sanatumize msanga. Anachotsa yolemera ija mu foni yake, n'kuika yatsopano, monga anayenera kuchitira poyamba. Anadina. Tsamba linatseguka, ola lofutulu lili pamenepo.

Anatumiza pa gulu ndi mawu ake omwe: "Ba mayi, nikhululukileni, nenze nalakwisa. Chosani yakale, ikani iyi, mudine pa mwezi." Mtolo unali utakwera pang'ono chabe, ndipo ngakhale netiweki yamvula inaunyamula. Mayankho anayamba kubwera, wina chala cham'mwamba, wina dalitso, wina kudandaula za bando. Ba Jasmin okha anali chete. Firdaus anawaimbira, foni inangoitana osayankhidwa.

Kunja kunkada. Azana anamveka kuchokera kumzikiti, wopanda zokuzira mawu, ndipo nthawi yomweyo foni ya Firdaus inalira patebulo. Iye sanasunthe. Ba Ridwan anamuikira tende, chipatso chofutulira, m'dzanja, koma iye anangoifumbata mpaka uthenga unalowa. Anali mawu a ba Jasmin, akutafuna.

"Yalila, mwana wanga. Yalila mu epuloni, madamu mpaka adabwa. Nenze na mapoto pamoto, ndiye sininayankhe."

Firdaus anadya tendeyo, anamwa madzi, ba Ridwan n'kuthamangira ku swala mumvulamo. Atabwerera anamupeza atakhalabe pomwepo, maso ali pa foni.

"Ba tate, pali batani lina. La mwezi wa Idi, wosiliza kusala. Nalonso sininadine."

"Ndiye lizafa monga ili?"

"Lizafa. Koma kuti niliyese, nifunika kudina mwezi usanaoneke."

Ba Ridwan anapukuta madzi pa kofia yawo ya kumutu, akuganiza.

"Uzauza munthu aliyense kuti waoneka?"

"Iyai. Ni laputopu chabe izamva."

"Laputopu sisala, mwana wanga. Malaiti akabwela, dina."