Chenjezo la Madzi Linalira m'Thumba la Alamu

Inu amene mumati mwavutika, tamvani za Linda wa kwa Mlolo.

Mtsinje wa Ruo utasefukira, Linda anapeza mayi ake, a Agnesi, ali pamwamba pa chulu, mbuzi ndi mapira zonse zitapita ndi madzi. Chowawa n'chakuti pulogalamu yotumiza chenjezo la madzi pa foni anailemba ndi Linda yemweyo, ku kabungwe komwe ankagwira ntchito pa boma la Chikwawa.

"Amayi, uthenga sunafike?"

"Ufikire pati, mwanawe? Foni ya bambo ako inachoka tsiku la maliro. Kafunse a Fanizo, alamu anga."

Eetu. Kuno mwamuna akangotsikira m'manda, abale ake amathamangira njinga, wailesi ndi foni. Chenjezo linalira m'thumba la a Fanizo ku Bangula, iwo ali pa kachasu.

Ku ofesi, bwana wake Sebastiano anamulozera kompyuta. "Tinayesa, chemwali. Makina anayesa nambala iliyonse, uthenga uliwonse unafika. Cholakwika chili pati?"

"Unafika pa foni, bwana, osati kwa munthu. Tiyeni tikayesere kumudzi."

"Ndiye pulogalamu tiziyesa ndi mapazi? Tabwera kudzayenda ife?"

Linda atalimbikira, kontrakiti yake sanaionjezere. Basi, ntchito kutha.

Analira, koma misozi sibweza mbuzi. Anayamba kugulitsa milamba youma pa Chiromo. Malonda akatha, laputopu kumsana, kabaza, dzuwa likuswa mtengo. Akafika pamudzi ankatumiza uthenga woyesera, n'kuima pabwalo kumvetsera kuti ulira kuti. Kwina foni ili ku Nchalo ndi mwamuna wodula nzimbe. Kwina ili kwa mkazi wamng'ono. Kwa amayi amasiye, zii!

Ndiye anaikonzanso pulogalamu ija. Uthenga ukapita, pulogalamu izidikira yankho. Likasowa, iziimbira mnansi amene mwini nyumba anasankha yekha. Kuyesa kwa makina sanakutaye ayi. N'kwachangu, kumagwira zolakwika munthu asanaphethire. Koma makina sadziwa mlamu.

Atapita nayo pulogalamuyo m'maofesi anamukana, ena akumufunsa kuti amuna ake ndani. Amene anailandira ndi amayi a m'mipingo, amasiye okhaokha, poti ululuwo ankaudziwa.

Dzinja lotsatira, masana, foni ya a Maness, oyandikana ndi a Agnesi, inalira. Anasiya mtondo n'kuthamanga.

"Anzanga, madzi! Nyamulani, tiyeni!"

A Agnesi anafika kumtunda mapazi ali ouma, nkhuku m'khwapa. Mudzi wonsewo palibe anamira.

Lero Linda amaitanidwa ku Blantyre kukaphunzitsa anzake olemba mapulogalamu. Amene anamuchotsa ntchito sanabwere kudzanena kanthu, ndipo musayembekezere.

Ndiye iwe mwana, akakuthamangitsa chifukwa chonena zoona, osataya mtima. Lira, pukuta m'maso, dzuka. Dziko lino silipepesa, usalidikire.