Filimu ya pa Nkando ndi m'meto wa amayi

Ine si munthu wa mafilimu. Ana anga akaunjikana pa foni ndimawakalipira kuti maso adzakutulukani. Koma ilipo filimu imodzi imene ndimaiikira kumbuyo ngati m'bale wanga, ngakhale dzina lake sindilidziwa ndipo mathero ake sindinawaone. Ndinaionera pa Nkando chaka chimene amayi anatisiya, ndipo inandichititsa manyazi amene ndimayamika mpaka lero.

Kwathu tinakula atsikana awiri, ine ndi achemwali. Achemwaliwo sanabadwe m'mimba mwa amayi. Anabwera nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki ali kumsana kwa mayi awo, ndipo mayiwo anangodwala miyezi yochepa n'kumwalira. Amayi anga, amene ankathyola tiyi ku esiteti, anatola mwanayo n'kumuika pamphasa pawo, osafunsa munthu. Ine pobadwa ndinawapeza. Ndi amene ankandibereka amayi akapita ku tiyi, ndi amene ankamenya ana ondiputa kumjigo. Anali ndi tsitsi lalitali, lakuda bii, loti akalimasula azimayi ankaima panjira. Amayi ankalipesa Loweruka lililonse akung'ung'udza nyimbo za Chilomwe, ine ndili pambali ndi katsitsi kanga kosamva mafuta, nsanje ili tho.

Amayi atadwala, amene anawadikirira kuchipatala cha ku Mishoni anali achemwali. Masabata asanu, kugona pansi, kuchapa zoipa, kuwamwetsa phala ndi supuni. Ine ndinkapita Lamlungu ndi nthochi m'manja, n'kubwerako ndikudandaula za mtunda. Ndinene zoona, mwana weniweni wa amayi pa matenda aja sanali ine.

Titaika maliro, tsiku lachitatu linali la m'meto. Kwathu kuno ofedwa amakhala pamphasa n'kumetedwa mpala, ndipo amene amametedwa ndi ana a mbumba. M'mawa wa tsikulo atsibweni, alongo awo a amayi, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Mwanawe, tsegula maso," anatero. "Malo kuno kulibe. Uku tiyi, uku phiri. Munda umatsata mwana wamkazi, ndipo amene ndimumete lero ndiye kuti ndamulowetsa m'munda wa mlongo wanga. Uja tinamulera, inde, koma mchombo wake unagwera kwina. Wamva?"

Ndinamva. Ndinali ndi ana anayi ndi mwamuna wa ganyu, ndipo kamundako kakagawidwa pawiri sikakanatifikitsa ngakhale pa Khirisimasi. Sindinavomere, sindinakane. Ine wa pakamwa ngati wailesi, tsiku limenelo ndinangoti duu.

Lezala litayamba kuyenda pamutu panga, achemwali anatuluka kukhitchini akupukuta manja pachitenje. Anafika m'mphepete mwa mphasa n'kuyamba kugwada. Atsibweni sanakweze n'komwe mutu.

"Inu mayi, taonani za alendo uko. Anthu sanadye."

Inu mayi! Munthu amene anakulira pakhomo pomwepo, kumuitana ngati wodutsa. Achemwali anandiyang'ana kamodzi kokha. Ine ndinayang'ana tsitsi langa likugwera pamphasa. Anadzuka, nabwerera ku mapoto.

Kuyambira tsiku limenelo sanachotsenso duku kumutu. Kumunda duku, kutchalitchi duku, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ine ndinkati akunyanyala, mwina akundibisira tsitsi lija poti langa linapita. Koma sanandinenepo kanthu. Ankabwerabe kudzandithandiza kupalira, ankabweretsera ana anga kalongonda, nyemba zija zakupha zikapanda kupsa bwino, amene anamuphika tsiku lonse, n'kumandiseka kuti ine ndikaphika ndidzapha mudzi. Kukoma mtima kwawoko kunkandiwawa kuposa kutukwanidwa. Atsibweni anali atanena kuti tikakolola kudzakhala m'meto wachiwiri, wotsiriza, ndipo tsiku lomwelo adzaponda malire a munda n'kuupereka m'manja mwanga.

Kutatsala masiku anayi, ndinapita pa Nkando kukagulitsa nandolo. Chiperoni chinatsika m'phiri masana, kamvula kosatha kaja, kuzizira mpaka m'mafupa. Pothawira pafupi panali kanyumba koonetsa mafilimu, ka mabenchi a matabwa ndi nsalu yakuda pakhomo. Ndinalowa ndi dengu langa. Achinyamata anaseka.

"Amayi, mwasochera? Kutchalitchi ndi uko!"

"Amene wasochera ndi iwe wosiya khasu masana ano. Sendera uko."

Anandisendera. Filimu inali itangoyamba, ya kudziko lina lozizira, anthu ake ovala majasi, koma mawu anali a Chichewa, a womasulira uja amalankhulira anthu onse yekha n'kumathira nthabwala zake. Inali nkhani ya mtsikana wamasiye. Makolo ake atamwalira anamutengera kwa anthu ena osoka zovala. Sankamumenya ayi, sankamumana chakudya. Apa ndi pamene filimuyo inandigwira, chifukwa ndinkadikira mayi wankhanza wa chikwapu kuti ndizimutukwana, koma sanabwere. Anali anthu abwinobwino, onga ife.

Chaka chilichonse banjalo linkajambulitsa chithunzi pakhonde. Onse akaima, mayi wa pakhomopo ankapatsa mtsikanayo kamera, akumwetulira, kuti ndiwe wodziwa kujambula. Mtsikanayo ankajambula. Chaka chotsatira wakula, waphunzira makina, madiresi onse amene avala pachithunzipo wasoka ndi iye, koma kamera ndi yake yomwe ija. Abale inu, mwana ameneyo ankadziwa kusewera filimu! Sankalira, sankalankhula zambiri. Ankangopukuta manja pa diresi, n'kuyamba kuyenda kupita pamene aima anzake, kenako n'kuima pakati panjira atamva dzina lake. Nkhope yake inkamwetulira, maso akufunsa kuti kodi ine ndine wa kuti. Amene anapanga filimu imeneyo anaonapo mwana wamasiye ndi maso ake, sizongopeka.

Ngakhale womasulira uja nthabwala zinamuthera. Pa chithunzi chachitatu anangoti, "Eee, koma abale," basi. Ndipo m'banjamo munali kamtsikana kena, kobadwira momwemo, kamene kankaona zonse. Kankayang'ana mnzake, n'kuyang'ana pansi, n'kukonza kolala ya diresi. Ndinakada kamtsikana kameneko! Ndinalankhula mokweza, "Yankhula, chitsiru iwe!" Anthu anaseka, koma ine misozi inali chuchuchu, chifukwa chitsirucho ndinachizindikira.

Mtsikana wamasiye uja atakula analongedza chikwama kuti azipita kukafuna kwawo. Wafika pachitseko, wagwira chogwirira, magetsi phethi! Achinyamata anakuwa, mwini kanyumba anati tidikire. Ndinadikira mpaka chiperoni chinatha, magetsi osabwera. Ndinakwera minibasi nandolo nditagulitsa theka, mtima uli m'malere.

Loweruka anthu anasonkhana. Mphasa inayalidwa, atsibweni anatulutsa lezala latsopano m'kapepala. Achemwali anali kukhitchini monga kale, sanayese n'komwe kutuluka. Atsibweni anandikodola kuti ndikhale. Apo ndinakumbukira kamtsikana kokonza kolala kaja.

"Atsibweni, lezala limenelo liyambe mwana wamkulu."

"Mwana wamkulu ndiwe."

"Ayi. Ine ndinawapeza. Amene anandibereka kumsana ali kukhitchini, amene anatseka maso a amayi ali kukhitchini. Ngati iwo sametedwa, inenso musandikhudze."

Azimayi anayamba kunong'onezana. Atsibweni anatsitsa mawu. "Ukudziwa chimene ukutaya? Kamunda kaja pawiri? Ana ako adzadya chiyani? Usadzabwere kwa ine ukulira mu Januwale."

"Ndikadzalira ndidzalirira kwa achemwali anga. Mundawo dulani pakati."

Si munthu woipa, atsibweni, ankangoopa njala ngati tonsefe. Anapukusa mutu n'kunena kuti pakamwa pangapa ndi pa mlongo wawo ndithu. Kenako anatembenukira kukhitchini, ndipo ulendo uno sanati inu mayi.

"Mwanawe! Bwera ukhale pamphasa."

Achemwali anatuluka pang'onopang'ono, manja ali ndi phulusa. Anagwada pafupi nane. Ine mtima unandipweteka poganiza za tsitsi lija, limene amayi ankalipesa, kuti ligwa lero chifukwa cha pakamwa panga. Ndinawanong'oneza kuti pepani, mwina angodulako pang'ono patsogolo. Anamasula mfundo ya duku, nalichotsa.

Tsitsi lalitali lija kunalibe. Linali lalifupi, msinkhu umodzi ndi langa, ngati chimanga chodzalidwa tsiku limodzi. Pamwamba pa khutu ndi kunkhongo kunali tizipsera, malo amene munthu sangaone akamadzimeta yekha.

Atsibweni lezala linawagwa m'manja. "Anakumeta ndani?"

"Ndekha, atsibweni. Tsiku lomwe lija, kuseri kwa bafa, alendo atadya." Anatero akuyang'ana pansi, ngati wagwidwa akuba. "Za munda sindinaziganize. Koma amayi anga amwalire, ine n'kumayenda ndi tsitsi?"

Atsibweni anatola lezala, nalipukuta pa malaya. Anawameta mofatsa, akuzemba tizipsera tija. Atatha ananditembenukira ine. Tsitsi lathu linasakanikirana pamphasa, ndipo azakhali amene anabwera kudzasesa sakanatha kusiyanitsa.

Munda anaudula pakati madzulo omwewo, malire ake mzere wa chinangwa. Januwale anafikadi, ndipo tinaonadi zakuda, sindinama. Tinadya kalongonda wa achemwali mpaka ana anayamba kumuthawa.

Mwana wanga wamkulu wayesa kangapo kundifunira filimu ija pa foni. Amandifunsa dzina, sindilidziwa. Amandifunsa osewera, ndimati kamtsikana ka maso aakulu. Tsiku lina ndinawafotokozera achemwali nkhani yonse tikupalira m'malire, mpaka pamene magetsi anazimira, mtsikana atagwira chitseko. Ndinawafunsa ngati akuganiza kuti anapita.

Anaweramuka, nakonza duku, tsitsi likusuzumira m'mbali.

"Zitengera ngati wina anamuitana," anatero. "Ine chikwama changa chinali cholongedza kale, iwe. Ndinkangodikira Loweruka lija lithe."