Mkanjo wa a Bang Unakadya Kumsika

Mumzinda muno mwa Daegu aliyense wa imvi amawadziwa a Bang Deok-su. Akhala akuzula ndi kumata mano zaka makumi atatu, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya nsapato. Dzanja lawo ndi lofewa, pamenepo sindingawanamizire. Vuto ndi pakamwa. Masiki awo ankakhalira pachibwano ngati ndevu, kuti nkhani zizituluka bwino wodwala ali yasa, osatha kuyankha.

Tsidya la msewu kuli a Pyo Man-ho, amene anaphunzira nawo za mano. Awa chiyambire ankavala masiki, magolovesi ndi chigalasi chakumaso, ndipo wodwala aliyense ankayamba wachukucha mankhwala m'kamwa. A Bang ankawatcha Namantha.

Ndiye kunagwa mliri wa korona. Anthu anamva pa wailesi kuti makina obowolera dzino amamwaza malovu ngati nkhungu, pomwe dokotalayo akupumira pamphuno pako penipeni. Basi, onse khamu kwa Namantha. A Bang ankangoima pawindo, mtima ukuwawa.

"Bambo a Jin-a, khosilo lithyoka," anatero akazi awo.

"Ndikuona nyengo ine."

"Nyengo yake yovala magolovesiyo?"

A Bang anatsala ndi wodwala mmodzi, mayi Seol ogulitsa nsalu kumsika, amene dzino lawo linali loti limatidwe Lachinayi. Kumene mayiwa apita, amayi onse a mumsika amalondola. Akangowoloka msewu, a Bang atseka chitseko.

Choncho anaitanitsa zida zoposa za mnzawo: mkanjo wofika m'mapazi, masiki okhuthala, magolovesi, chigalasi, ngakhale timatumba tovala kunsapato. Koma m'chipinda cha pamwamba akakuona ndani? Lachinayi masana anavala zonsezo, natsika. Anadutsa pakhomo pa a Pyo pang'onopang'ono, kawiri. Kenako analowa mumsika, akugwira zitseko ndi kusisita mapewa a anzawo, nakhala pabenchi pakati pa anthu. Anakweza chigalasi, natsitsa masiki, nadya mpunga wa msuzi wa nkhumba mpaka thukuta kamukamu.

Mayi Seol anafika 2 koloko, atagwira tsaya. Anaima pakhomo n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Lowani, mayi! Mwaona? Uyo wa tsidyayo alibe zotere."

"Ndaona, adokotala. Msika wonse waona. Pachifuwapo ndi tsabola?"

A Bang anaphimba dontholo ndi dzanja.

"Magolovesiwo ndi omwe aja munagwira nawo benchi? Ndiye alowe m'kamwa mwanga?"

"Ndisintha pompano!"

"Muli nawo mkanjo wina?"

Analibe. Anagula umodzi wokha, wodula kwambiri, woti anthu auone.

Mayi Seol anawerama mwaulemu, kuwerama kwa munthu amene sabweranso, natsika masitepe. A Bang anathamangira pawindo. Anawaona akuwoloka, akupimidwa kutentha kwa thupi pakhomo pa a Pyo, akupaka mankhwala m'manja. A Pyo anatulukira, nakweza maso, n'kuwabayibitsa anzawo ndi dzanja la golovesi yatsopano.

"Akundinyoza," anatero a Bang.

"Akukupatsani moni," anayankha akazi awo. "Vulani chimenecho, mukununkha adyo."