Tsiku limene Alefa adati sakudziwa

Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe utatsekedwa mu 1994, bambo Zacheus Chikomeni adabwerera kunyumba ndi kalata imodzi yowachotsa ntchito komanso chifuwa chosatha. Adakumba pansi pa nthaka zaka makumi awiri, mgodi womwewo umene bambo awo adaudzera wapansi kuchokera ku Dedza. Mabwana adalongedza katundu wawo n'kupita. Kiliniki ya m'komboni idakhomedwa loko. Anthu adatsala ndi phiri la zinyalala za mgodi, ndi fumbi lake limene ana ankaseweramo tsiku lonse. Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa mpaka lero.

Inu amene mwangolandira kalata yokuitanani ku sukulu ya udokotala, nkhaniyi ndi yanu.

Mwana wamkazi wa bambo Zacheus, dzina lake Alefa, ankatola zitsulo pa phiri lija pamodzi ndi mayi ake kuti apeze chakudya. Mayeso a giredi 12 adalemba kawiri. Kachiwiriko adakhoza kwambiri, ndipo adamutenga kukaphunzira udokotala ku Lusaka.

Bambo ake, amene anzawo ankawaseka kuti tsopano akudyetsedwa ndi mkazi, adayambanso kuyenda khosi lili chilili. Aliyense wokumana naye ankamuuza kuti ali ndi mwana dokotala. Ulemu wawo wonse udatsalira pamenepo.

Patatha miyezi inayi, Alefa adabwera kutchuthi. Zimene ankadziwa nthawi imeneyo ndi mayina a mafupa basi. Koma adapeza bambo ake atayika benchi pakhonde, anthu asanu atakhala pamzere, ena atanyamula makadi akale a kukiliniki. Komboni yonse ya anthu amene adakumba chuma cha dziko, chipatala chawo n'kukhala mtsikana wa miyezi inayi m'kalasi. Amene adachititsa zimenezi ankagona tulo tabwino.

Woyamba pamzere adali mayi Dailes, oyandikana nawo nyumba, atabereka mwana wawo Mateyu wa zaka zinayi. Mwanayo adali wofooka, akusanza, ndipo dzulo lake adakomoka kawiri.

"Adokota, nipempako," adatero mayi Dailes. "Ni malungo, ayi? Niuzeni chabe mapilisi yogula."

Alefa adamugwira mwanayo pamphumi. Thupi silinkatentha. Akadangoti "inde, ndi malungo", palibe akadamutsutsa. Mayi Dailes akadapita kukantini kukagula mapilisi, bambo ake akadamwetulira, mzere ukadapitirira.

"Kamba, mwana wanga," adanong'ona bambo Zacheus. "Anthu akuona."

"Amake Mateyu, siniziba," adatero Alefa. "Sinine dokota, nikali kuphunzila. Tiyeni ku chipatala manje manje."

Munthu wina pabenchi adaseka, n'kunena kuti nanga ku Lusaka amakaphunzira chiyani. Bambo Zacheus adanyamula chipewa chawo n'kutuluka pampanda osacheuka.

Alefa adamulandira mwanayo n'kumubereka yekha. Adayenda wapansi mpaka ku chipatala cha boma, n'kuima pamzere ngati wina aliyense. Atalowa, adamufotokozera dokotala zonse zimene adaona, ndi komwe mwanayo amasewera. Dokotalayo adayang'ana nkhama za Mateyu, natenga magazi. Sadali malungo. Udali mtovu wa m'fumbi la mgodi, ndipo udali utayamba kufika ku ubongo. Mapilisi a kukantini akadangomuchedwetsa mpaka kumanda.

Mateyu adagonekedwa milungu itatu. Milungu yonseyo bambo Zacheus sadalankhule ndi mwana wawo. Benchi adailowetsa m'nyumba, ndipo kubawo adasiya kupita chifukwa cha manyazi. Alefa ankawapatsa madzi osamba, iwo n'kulandira osamuyang'ana. Zidamupweteka kuposa njala ya pa phiri lija.

Tsiku lobwerera kusukulu, bambo ake adamuperekeza kokwerera basi atamunyamulira chikwama. Basi itayamba kulira, adamupatsa chikwamacho.

"Mateyu adya phala lero," adatero. "Pita. Ukabwelenso, ubwele uziba."

Alefa adagwira mawu amenewo. Chaka chachitatu adalephera phunziro limodzi n'kubwereza. Nsapato zidatha, adasoketsa. M'mawodi anzake ankamuseka kuti amafunsa ngati mwana, pomwe iwo ankagwedeza mitu pa zinthu zimene sadamve. Iye sadaleke kufunsa. Paja amati safunsa adadya phula, koma kuchipatala phulalo amadya ndi wodwala.

Adamaliza, ndipo adapempha yekha kuti amutumize ku Kabwe, kumene anzake ankakukana kuti n'kotha. Bambo Zacheus sadamuone atavala chovala choyera. Chifuwa chija chidawatenga kutatsala miyezi isanu ndi iwiri kuti amalize sukulu. Pamaliro pawo, mmodzi mwa amene adanyamula nkhata za maluwa adali Mateyu, ali giredi 4.

Tsono inu a chaka choyamba, kwanu ayamba kale kukutchulani adokotala. Azakhali anu akuonetsani chotupa, abusa akufunsani za shuga, ndipo mudzachita manyazi kuwakhumudwitsa. Musawakwiyire, si iwo adatseka makiliniki. Koma musalote matenda a munthu kuti musangalatse abale. Nenani kuti simukudziwa, mumugwire dzanja, mupite naye kwa amene akudziwa. Kenako bwererani ku mabuku ndi mkwiyo wonse umene muli nawo.

Adzakusekani, mwina ngakhale okubalani adzakutembenuzirani msana. Limbani mtima, musabwerere m'mbuyo. Manyazi a pakhonde amatha, koma mwana woikidwa m'manda sabwerera kwa mayi ake.